Madzi otentha atha mphamvu, bilu yakwera: kusaka paipi yodontha musanagumule khoma

Juni akangolowa, chiperoni n'kuyamba kutsetsereka m'phiri la Zomba, anthu amene chaka chonse amasamba madzi ozizira osadandaula amakumbukira kuti m'denga muli giza, thanki yotenthetsa madzi ija. Ndi nyengo yomweyi imene madandaulo amachuluka. Wina akuti shawa ikungotulutsa timadzi tochepa ngati ta m'ketulo. Wina akuti mayunitsi a magetsi amene ankamufikitsa kumapeto kwa mwezi tsopano sakutha ndi masabata awiri omwe. Winanso wanyamula bilu ya madzi yokwera kawiri pamene pakhomo sipanafike mlendo. Kawirikawiri madandaulo atatuwa gwero lake ndi limodzi: penapake madzi akutayika, koma malowo sakuoneka ndi maso.

Ndagwira ntchito ya mapaipi m'tauni muno kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimandiwawa mtima ndi kulowa m'nyumba n'kupeza khoma la bafa lagumulidwa kale, matailosi ali mulu pakhonde, madzi akutayikabe. Mwini nyumba anaona chinyontho pakhoma n'kuitana mnyamata wa hamala ndi tchizulo. Koma madzi saonekera pamene paipi yabooka. Amatsata paipi yomweyo, amatsata mng'alu wa simenti, amakwawa pansi pa matailosi mpaka apeze pofewa, moti pamene mwaona chinyonthopo pakhoza kukhala mtunda wa mamita atatu kapena anayi kuchokera pa bala lenileni. Hamala ibwere pomaliza. Zoyambira ndi mita ya madzi, mavavu, khutu lanu ndi phazi lopanda nsapato.

Kodi akutayikadi, kapena angotsekeka?

Madzi kuchepa mphamvu sikutanthauza nthawi zonse kuti paipi yabooka. Kabowo kakang'ono kakhoza kutaya malita mazana patsiku inu osamva kusintha kulikonse pa shawa, pomwe kamchenga kodzaza chipande chaching'ono cha tiyi kakhoza kuphetsa mpopi wonse popanda dontho lotayika. Ndiye musanayambe kusaka, funsani anansi kaye. Ngati nawonso akudandaula, vuto lili kunja kwa mpanda wanu. Ngati ndinu nokha, tsegulani mipopi umodziumodzi. Mpopi umodzi wokha ukakhala wofooka, masulani kasefa ka kumlomo kwake kapena mutu wa shawa, mutsuke. Madzi akasiya n'kubweranso amakonda kubwera ndi timchenga ndi dzimbiri, ndipo zimakathera m'tisefa timeneti.

Ozizira akakhala ndi mphamvu koma otentha ali ofooka m'nyumba monse, yang'anani vavu yochepetsa pulesha (mphamvu ya madzi) imene imakhala pa paipi yolowa m'giza. M'kati mwake muli sefa, ndipo anthu ambiri amatha zaka khumi osadziwa kuti imatsukidwa.

Palinso nkhani ya nyumba zakale. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zambiri za boma za nthawi imeneyo zikadali ndi mapaipi ake achitsulo oyambirira. Dzimbiri limamera m'kati mwa paipi yotere pang'onopang'ono mpaka njira ya madzi itsale ngati ya pensulo. Paipi ya madzi otentha ndi imene imayamba kutsekeka, chifukwa kutentha kumafulumizitsa dzimbiri. Nyumba yotere madzi ake amafooka chaka ndi chaka, osati tsiku limodzi. Mphamvu ikagwa mwadzidzidzi, bilu n'kukwera nthawi yomweyo, apo ndiye ganizirani za kudontha.

Mita sinama

Tsekani mipopi yonse. Uzani ana kuti asagejemule toileti, wa kumunda asatsegule mpopi wa panja, ndipo ngati pali nyumba ya kumbuyo imene imamwa pa mita yomweyo, akumeneko muwauzenso. Kenako pitani pa mita. Manambala akuda amawerenga madzi m'miyezo ya malita 1,000, ofiira amawerenga malita ndi tizigawo take. Mita zambiri zili ndi kagudumu kakang'ono kapena kanyenyezi kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono. Kakamazungulira zonse zili zotseka, nkhani yatha: madzi akutayika. Kakaoneka ngati kaima, jambulani mita ndi foni, dikirani ola limodzi, mujambulenso. Kudontha kwakung'ono kwambiri kumafuna usiku wonse, kujambula pogona ndi podzuka. Amene muli ndi mita yolipiriratu, chitani chimodzimodzi ndi malita otsala.

Usiku ndi nthawi yabwino pa chifukwa chinanso. Madzi athu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, n'kumatsika. Mamita 10 aliwonse amene madzi atsika amawonjezera pulesha ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa pulesha). Masana aliyense akutunga, pulesha imagawanika. Usiku anthu akatseka mipopi imakwera, ndipo polumikizira pamene masana pamangotuluka thukuta, usiku pamachucha. N'chifukwa chake ena amati khoma limanyowa m'mawa n'kuuma masana, iwo n'kumaganiza kuti ndi mame.

Manambala amene mwapezawo muwatembenuze kuti muone kukula kwa vuto. Kapu imodzi ya tiyi, mamililita 250, ikamatayika pa mphindi iliyonse, ndiye malita 15 pa ola, malita 360 patsiku, malita 10,800 pamwezi. Amenewo akakhala madzi otentha mukulipira kawiri. Kutenthetsa malita 360 kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 kumadya pafupifupi mayunitsi 17 a magetsi tsiku lililonse, pamene kutenthetsa giza yonse ya malita 150 kamodzi kumadya mayunitsi 7 okha. Munthu amakhala akukalipira ana kuti akuchedwa m'bafa, pamene magetsi akuthera kufunditsa dothi la pansi pa nyumba.

Amene muli ndi thanki ya pamwamba, mita ikhoza kukusokonezani chifukwa thanki imakhala ikudzaza yokha. Tsekani vavu yolowetsa madzi m'thanki, lembani chizindikiro pamene madzi afika, muonenso m'mawa. Thanki yozungulira yotambalala mamita 1.8 ikatsika sentimita imodzi ndiye kuti malita pafupifupi 25 apita. Ngati pali pampu, ndipo mumaimva ikudzilizira yokha pakati pa usiku kwa kanthawi kochepa n'kusiya, imeneyo ikukuuzani kuti pulesha ikuthawa. Mwina paipi ikudontha, mwina vavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo yatha.

Gawani nyumba

Mita yakuuzani kuti madzi akutayika, koma sinakuuzeni kuti kuti. Apa ndi pamene mavavu amagwira ntchito. Mumatseka gawo limodzi, kukaona mita, kubwerera, kutseka lina. Mita ikaima, wakubayo mwamutsekera m'gawo limene mwangotsekalo.

Yambani ndi vavu ya pakhoma pamene paipi imalowera m'nyumba. Mukaitseka mita n'kumayendabe, bowo lili pabwalo, pakati pa mita ndi nyumba. Yendani motsata njira ya paipi. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu wonse utauma, pamene pali kapinga wobiriwira payekha, kapena dothi lofewa lonona, kumbani pamenepo. Mizu ya mitengo, khasu la wolima maluwa ndi galimoto zodutsa pamwamba pa paipi yokwiriridwa mosazama ndi zimene zimaswa mapaipi a pabwalo. Madzi akamatuluka mita isanafike, kumbali ya msewu, musakhudze: kauzeni a Southern Region Water Board, paipi imeneyo ndi yawo. Kuyambira pa mita kulowa kwanu ndi udindo wa mwini nyumba.

Mita ikaima mutatseka vavu ya pakhoma, vuto lili m'kati. Tsegulaninso, mupite ku toileti musanapite kwina kulikonse. Toileti ndi imene imataya madzi ambiri mwakachetechete m'nyumba zathu, ndipo kuiyesa sikulira ndalama. Thirani tiyi wakuda wozizira m'thanki yake, musagejemule kwa mphindi 20. Mtundu ukaonekera m'mbale ya pansi, mphira ya pansi pa thanki yatha. Chotsaninso chivundikiro muone ngati madzi sakusefukira m'kapaipi kotayira, chifukwa cha mpira woyandama umene sukutseka bwino.

Toileti ikakhala bwino, tsopano ndi nthawi ya giza. Apa pali lamulo limene sindilola kuti lidumphidwe: zimitsani swichi ya giza pa bokosi la magetsi musanatseke madzi ake. Ngati bowo lili m'munsi, giza ikhoza kukhuthuka mutatseka vavu, ndipo elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'giza, ikayaka popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa. Mukazimitsa, tsekani vavu ya madzi ozizira olowa m'giza, mukaone mita. Ikaima, ndiye kuti kudontha kuli pa giza kapena pa mapaipi a madzi otentha. Ikamayendabe, kuli ku mapaipi ozizira. Chenjerani ndi mipopi yosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Ikatha m'kati imalola ozizira kuwolokera m'paipi ya otentha, n'kukunamizani pa kuyesa kumeneku. Ngati ili ndi timavavu take pansi pa sinki, titsekeni kaye.

Pali njira inanso yosavuta. M'mawa kwambiri, wina asanatsegule mpopi, gwirani paipi yotulutsa madzi otentha pa mtunda wa mamita awiri kuchokera pa giza. Madzi akagona usiku wonse osayenda, paipi imeneyo imazizira. Mukaipeza yotentha, madzi akhala akuyenda usiku wonse, ndipo akupita kumene inu simukudziwa.

Pa giza penipeni

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amachita mantha ndi kudontha kumene kulibe vuto, ena amanyalanyaza koopsa.

Tulukani panja muyang'ane timapaipi totuluka m'denga kapena pakhoma pafupi ndi giza. Giza ya pulesha yoikidwa bwino imakhala ndi titatu. Koyamba kamachokera pa vavu yochepetsa pulesha ija, imene nthawi zambiri imalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa. Madzi akamatentha amafufuma. Kuchoka pa madigiri 15 kufika 60 amawonjezeka ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 aliwonse, ndiye giza ya malita 150 imayenera kulavula malita awiri kapena atatu ikamatenthetsa madzi ake onse. Kapaipi kameneka kakamadontha giza ili yoyaka, n'kusiya ikazima, palibe cholakwika. Ikani ndowa pansi pake tsiku lathunthu. Mukapeza malita ochepa, khalani ndi mtendere. Ndowa ikadzaza n'kusefukira, kapena kudontha kukamapitirira giza ili yozima kwa maola ambiri, vavuyo yalowa mchenga kapena yatha. Vuto lake n'loti kapaipi kameneka ena amakalozetsa m'ngalande kapena kuseri kwa maluwa, moti madzi amatayika miyezi wina osaona.

Kachiwiri ndi kachitsulo, kochokera pa vavu yotetezera giza kuti isaphulike. Kameneka sikayenera kudontha masiku wamba. Mukaona madzi owira kapena nthunzi ikutuluka pamenepo, thermostat, kachida kozimitsa elementi madzi akatentha, yafa ndipo elementi ikungoyaka osapuma. Zimitsani magetsi nthawi yomweyo, ana atalikire, muitane wodziwa. Ndikupemphani ndi mtima wonse, musatseke kapaipi kameneka ndi chotsekera chilichonse, kaya nati, kaya kamtengo, kaya mphira. Ndaonapo nyumba zimene munthu anakatseka kuti khoma lisade. Giza yotsekedwa chonchi thermostat ikafa imaphulika, ndipo ikhoza kugwetsa denga pa anthu ogona.

Kachitatu kamachokera pa thireyi ya pansi pa giza. Kakatulutsa madzi ndiye kuti m'denga muli chimene chikuchucha. Kwerani ndi tochi, magetsi a giza ali ozima, ndipo muziponda pa mitengo ya denga yokha, osati pa siling'i. Yang'anani pa chivundikiro cha elementi, pamene mphira yake imauma n'kuyamba kutulutsa madzi, ndi pamalo onse olumikizira. Timavavu tiwiri toima pamwamba pa giza, tolowetsa mpweya giza ikamakhuthuka, natonso timadontha tikakalamba. Pamene paipi ya kopa yalumikizidwa mwachindunji ndi yachitsulo, yang'anitsitsani. Zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, chachitsulocho chimadyeka msanga.

Madzi otentha akamatuluka pang'ono amauma asanagwe pansi, ndiye simuona dontho. Chimene mumaona ndi chipsera chake: zoyera ngati mchere, zobiriwira pa kopa, zofiirira pa chitsulo. Kulungani pepala la ku toileti polumikizira paliponse pokayikitsa, mulisiye usiku giza ili yozima. Pepala lonyowa kapena lokwinyika m'mawa lakulozerani. Koma madzi akamatuluka pakati pa chikopa cha kunja cha giza ndi thanki ya m'kati, thankiyo yabooka ndi dzimbiri. Kuwotcherera sikuthandiza, pakapita miyezi imabookanso pena. M'kati mwa giza muli kandodo kachitsulo kotchedwa anode kamene ntchito yake ndi kudyedwa ndi dzimbiri m'malo mwa thanki. Kakatha osasinthidwa, dzimbiri limatembenukira ku thanki. Muzikaonetsa kwa pulambala pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Giza ya sola ya machubu agalasi ili ndi zake. Masana a Okutobala madzi amawira n'kulavulira pa kapaipi ka mpweya, ndipo zimenezo n'zachibadwa chake. Zosayenera ndi kathanki kakang'ono ka pamwamba kusefukira usiku chifukwa mpira wake sukutseka, kapena mphira zogwira machubu kuuma n'kumachucha. Madziwo amagwera pa malata otentha n'kuuma, kapena amatsata ngalande ya denga mwakachetechete. Yang'anani m'mawa dzuwa lisanatuluke. Mzere wa ndere kapena wa dzimbiri pa malata, kuyambira pansi pa giza kutsika, ndi umboni wokwanira.

Pansi pa simenti ndi m'khoma

Mwafika apa ngati giza ili youma, mavavu ake ali bwino, koma mita ikuti madzi otentha akupita. Paipi yabooka m'khoma kapena pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi ndi zoona ndithu.

Chaka china ndinaitanidwa ku nyumba ina ku Kalimbuka. Khoma la chipinda chogona, loyandikana ndi bafa, penti yake inali itatupa n'kumasendeka, kabati yachita chuku. Mayi a pakhomopo anali atatopa nazo.

"Abambo, musataye nthawi, khoma ndi limeneli. Gumulani basi, matailosi tigula ena."

"Amayi, ndipatseni usiku umodzi wokha. Giza muisiye yoyaka, koma pasapezeke wotsegula mpopi kuyambira 9 koloko mpaka ine nditafika."

Ndinafika m'mamawa kukadali chisisira, ndinavula nsapato n'kuyamba kuyenda m'nyumbamo pang'onopang'ono. M'bafa munali mozizira, m'chipinda chonyowacho chimodzimodzi. Mwana wawo wamng'ono, atavala kale yunifolomu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ankolo, pofunda ndi apa. Ine ndimakhala apa ndikamavala masokosi." Panali pa kanjira ka pakati pa nyumba, pafupi ndi khomo la khitchini, masitepe anayi kuchokera pa khoma limene mayiwo ankafuna ligwe. Tinachotsa matailosi awiri okha. Paipi ya kopa inali itakwiriridwa m'simenti popanda chokulunga, ndipo pa chigongono, pamene paipi imakhota, panali kabowo ngati ka singano. Madzi ankayenda pansi pa simenti mpaka kukakwera m'khoma la kuchipinda.

Phazi limamva kutentha kumene dzanja lothamanga silingamve, ndipo m'nyengo yozizira kusiyanako kumamveka bwino. Muthanso kukolopa pansi ponse ndi nsanza yonyowa n'kuima pambali: pamene payamba kuuma msanga ndi pofunda.

Khutu nalonso ndi chida. Pakati pa usiku, firiji ndi wailesi zili zozima, tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga yake muigunditse pa mpopi kapena pa paipi, chogwirira muchiike pa khutu. Paipi yodontha imalira mopyapyala ngati mpweya wotuluka m'tayala. Yendani mpopi ndi mpopi. Pamene kulirako kukumveka kwambiri ndi pafupi ndi bowo. Kuti mutsimikize, wina atseke vavu ya pa mita inu mukumvetsera: kulira kukasiya, ndi madzi ndithu. Njirayi imagwira bwino pa kopa ndi chitsulo. Mapaipi apulasitiki, kaya PVC kaya obiriwira aja a PPR, samveketsa phokoso patali.

Zomba ndi wa mvula yambiri, ndiye si chinyontho chilichonse chimene ndi cha paipi. Cha denga lodontha chimayambira pamwamba ndipo chimatsata mvula. Chokwera kuchokera m'dothi chimakhala m'munsi mwa makoma ambiri nthawi imodzi, n'kuchepa m'chilimwe. Cha paipi chimakhala pamalo amodzi, sichisamala nyengo, ndipo mu Okutobala chimakhalapobe. Palinso chinyontho cha paipi yotaya madzi a m'bafa, kapena cha mipata ya matailosi a mu shawa. Chimenecho mita sichiona, chifukwa chimabwera pokhapokha wina akasamba.

Zonsezi zikakanika, pulambala ayese ndi geji, chida choyezera pulesha. Amadula gawo limodzi la mapaipi, kutseka mapeto ake onse, kupopa madzi ndi pampu ya m'manja mpaka muvi wa geji ukwere, n'kudikira theka la ola kapena ola. Muvi ukatsika, bowo lili m'gawo limenelo. Pulambala amene akufuna kugumula asanaone mita kapena kuyesa ndi geji, mufunseni mwaulemu kuti wadziwa bwanji kuti ndi pamenepo.

Mapaipi a madzi ozungulira okhala ndi geji

Kuno kwathu nyumba zofunditsidwa ndi boila yotenthetsa madzi ndi marediyeta, zitsulo za m'zipinda zodutsamo madzi otenthawo, n'zosowa, koma abale athu okhala ku Ireland ndi ku UK amakumana nazo, ndipo sola zina zokhala ndi pampu zimayenda mofanana. Madzi ake ndi omwewo ozungulirazungulira, salowa atsopano, ndiye mita ya panja singakuthandizeni. Mboni yanu ndi geji. Pa boila ya m'nyumba wamba muvi umayenera kukhala pakati pa bar 1 ndi 1.5 madzi ali ozizira, ndipo vavu yotetezera imatseguka pa bar 3. Muziwerenga geji madzi atazizira nthawi zonse, apo ayi mudzayerekeza zinthu zosiyana.

Muvi ukamakwera kwambiri boila ikayaka, kuyandikira 3, kenako n'kudzagwa pansi ikazima, kawirikawiri palibe paipi yabooka. Vuto ndi kathanki kolandira madzi ofufuma, kamene m'kati mwake muli mphira yolekanitsa madzi ndi mpweya. Kali ndi vavu ngati ya tayala la galimoto. Mukaidina n'kutuluka madzi, mphira yang'ambika. Mpweya ukangotha, madzi ofufuma amasowa kolowera n'kuthawira pa vavu yotetezera. Mangirirani kajumbo pa kapaipi ka panja ka vavu imeneyi, muone ngati mukhala madzi m'mawa. Muvi ukamatsika pang'onopang'ono boila ili yozima, kulungani pepala pa mavavu a marediyeta onse. Zikakanika, katswiri atseke mavavu a pansi pa boila usiku umodzi: geji ya boila ikatsikabe, vuto lili m'boila, ikaima lili m'mapaipi. Kumangowonjezera madzi sabata ndi sabata kumawononga, chifukwa madzi atsopano amabwera ndi mpweya umene umadyetsa marediyeta dzimbiri kuchokera m'kati. Boila ya gasi musaitsegule nokha.

Mukapeza bala

Mphira ya chubu cha njinga yokulunga mothina imakugulirani tsiku limodzi kapena awiri pa paipi ya madzi ozizira yoonekera. Musaikwirire m'khoma ngati kuti mwakonza, ndipo pa madzi otentha sikhalitsa. Mankhwala othira m'mapaipi kuti atseke mabowo asalowe m'madzi akumwa ndi osamba.

Paipi yachitsulo yakale ikabooka pamodzi, dziwani kuti yonse yafika pomwepo. Mukamanga apa, mwezi wamawa ibooka chapatsogolo. Ine ndimalangiza kuisiya m'khoma momwemo, kuidula mbali zonse, n'kudutsitsa yatsopano m'denga kapena kunja kwa khoma kumene maso angaione. Nthawi zambiri zimatsika mtengo kusiyana ndi kuswa simenti ndi kugulanso matailosi amene mtundu wake sukupezekanso m'sitolo. PVC wamba si ya madzi otentha, imafewa n'kumasuka polumikizira. Ikani kopa kapena PPR, ndipo kopa yolowa m'simenti ikulungidwe. Pulambala akadali pomwepo, muuzeni aike vavu pa bafa lililonse, pa khitchini ndi pa mpopi wa panja, kuti ulendo wina kugawa nyumba kudzakhale kwa mphindi zochepa. Amene mukuchita lendi, tumizani zithunzi za mita zija kwa eni nyumba tsiku lomwelo, zokhala ndi nthawi yake, kuti pa nkhani ya bilu pasadzakhale kukangana.

Ntchito ikatha musathamangire kutseka dzenje. Tsegulani madzi, kenako mpopi wa madzi otentha, muusiye mpaka usiye kutsokomola mpweya n'kuyamba kutulutsa madzi mosadukiza. Apo ndiye giza yadzaza, ndipo mukhoza kuyatsa swichi yake. Dzenje likhale lotseguka masiku awiri, kuti polumikizira patsopano patenthe ndi kuzizira kangapo inu mukuona, ndiponso kuti khoma liyambe kuuma. Jambulani njira ya paipi musanaikwirire, chithunzicho muchisunge. Usiku wachiwiri tsekani mipopi yonse, giza muizimitse, mujambule mita pogona ndi podzuka. Manambala ofiira akakhala pomwe munawasiya, itanani wa simenti.